Mphika wa m'munda mwa a Kizer

Ine, Magdalene Kanyumbu, wa zaka 24, ndimachokera m'mudzi mwa Kapesi, Mfumu Yaikulu Kachere, boma la Dedza ku Malawi. Panopa ndimakhala kwa achemwali anga a Theresa Kanyumbu ku South Bend, Indiana. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Umboniwu ndikuupereka m'Chichewa lero Lachinayi pa 4 Meyi 2006 ku polisi kuno ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis. Akulemba ndi kumasulira ndi a Kingsley Mtalimanja a kutchalitchi kwathu. Ndabwera mwa kufuna kwanga, palibe amene anandigwira.

Wapolisi wandifotokozera kuti a Belinda Kizer anadzadandaula kuti m'galaja mwawo munabedwa mphika wakale. Wati ndikasonyeza pamene pali mphikawo, a Belinda achotsa dandaulo lawo. Ndikapanda kusonyeza, anditsegulira mlandu wakuba, ndipo mapepala anga okhalira m'dziko muno, amene akadali ku ofesi ya boma, akhoza kukanidwa, ine n'kubwezedwa kwathu. Zonsezi ndamva.

Kuyambira Okutobala chaka chatha ndakhala ndikusamalira a Vernon Kizer, bambo awo a Belinda, a zaka 84. Ndimawatchula kuti agogo. Amakhala pa famu yawo, mamailosi khumi ndi awiri kum'mwera kwa South Bend. Anadwala sitiroko. Dzanja lamanja siligwira, amayenda pa njinga ya olumala, ndipo tsiku lonse amalankhula mawu osapitirira khumi. Akazi awo anamwalira kalekale. Ndimagona komweko kuyambira Lamulungu masana mpaka Lachisanu madzulo, kenaka kumabwera mayi wina. Munda anaubwereketsa kwa a Mervin, oyandikana nawo nyumba.

Lachiwiri pa 18 Epulo, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinali kukhitchini ndikudyetsa agogo phala. Thirakitala ya a Mervin inkalima kumapeto kwa munda, pamene panali mtengo waukulu umene unagwa ndi mphepo mu Januwale. Pamenepo panali pasanalimidwepo. Thirakitala inazima. Patapita mphindi makumi awiri a Mervin anagogoda atanyamula ndowa yoyera. Anatulutsa zimene zinali m'ndowamo n'kuziika pa nyuzipepala patebulo.

Munali mapale asanu ndi awiri ofiira, ndi mphika umodzi wathunthu wotuwa. Kutalika kwa mphikawo kunali kuchokera pachigongono changa kufika pamfundo ya dzanja. Kukamwa kwake kunali kopapatiza, kotsekeka ndi dothi.

Amayi anga ndi oumba mbiya, ndipo ndinayamba kuwapondera dongo ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinagwira phale limodzi n'kuyang'ana pamene linasweka. Dongo lake silinali la m'munda umenewo. Dothi la kwa agogo ndi lakuda, la phalelo linali lofiira mpaka m'kati, losalala, lopanda mchenga. Ndinalumikiza mapalewo ndipo anapanga mbale. Pakati pa mbaleyo panali kabowo kolowa chala chaching'ono. Kabowoko sikanali ka pulawo. Kanabooledwa dala ndi chinthu chosongoka mbale itaotchedwa kale. Kwathu mbale yoboola chonchi timaipeza pamanda pokha. Amaiboola kuti wamoyo asadzadyeremonso.

Ndinabweza mapalewo n'kukasamba m'manja panja. A Mervin anaseka. Anatenga mpeni wa buledi n'kuyamba kukolokosa dothi la kukamwa kwa mphika. Litachoka anaupendeketsa pang'ono. Munatuluka phulusa ndi tizidutswa toyera. Tina tinali topyapyala ngati chikamba cha dzira. A Mervin anasiya kuseka, anaika mpeni pansi, n'kubwezera zotulukazo mumphika.

Nthawi yonseyi agogo ankayang'ana mphikawo. Phala linali likadali m'kamwa mwawo, osameza. Galu wawo, amene amagona pansi pa tebulo pa nthawi ya chakudya, anatuluka n'kukakhala pakhonde. Sanalowenso m'khitchini mpaka Lachisanu.

A Mervin anaimbira foni a Belinda. Iwo anati chilichonse chisasunthidwe, abwera Lachisanu ndi munthu wodziwa zinthu zakale. Ndinavundikira mphikawo ndi nsalu yoyera yopukutira mbale.

Lachitatu pa 19 Epulo ndinalowa m'khitchini 6 koloko m'mawa. Nsaluyo inali itapindidwa bwinobwino pambali pa mphika. M'nyumbamo tinagona anthu awiri, ine ndi agogo. Agogo sangathe kutsika okha pabedi. Zitseko zonse zinali zokhoma monga ndinazisiyira. Ndinavundikiranso.

Pa chakudya cha masana, ndikafikitsa supuni pakamwa pawo, agogo ankagwira dzanja langa ndi dzanja lawo lamanzere n'kulikankhira kumbali, chakumunsi, pafupi ndi bondo lawo. Pamenepo panalibe kanthu. Anachita zimenezi kasanu. Kenaka anadya.

Lachinayi m'mawa nsalu inali itapindidwanso. Sindinauze munthu.

Lachisanu pa 21 Epulo, cha m'ma 11 koloko, a Belinda anafika kuchokera ku Indianapolis ndi mayi wina dzina lake a Sophia Brandt, ophunzitsa za zinthu zakale pa yunivesite ina kumeneko. A Sophia anavala magolovesi. Anayeza mphika ndi tepi, anaujambula, anayang'ana kunsi kwa mbale ndi galasi. Chingerezi ndimamva cha pantchito, koma analankhula pang'onopang'ono ndipo izi ndinazimva. Anati ziwiyazo ndi za nthawi ya Aroma, a m'Baibulo aja, zaka pafupifupi 1,800 zapitazo. Anati zinaumbidwa ku Ulaya, ndipo Aroma sanafike ku Indiana, choncho pali munthu amene anazibweretsa n'kuzikwirira m'mundamo. Za mafupa, tizidutswa toyera tija, anati sangatsimikize asanawayeze, koma akuoneka ngati a mwana wakhanda.

A Belinda anafunsa agogo katatu ngati akudziwapo kanthu. Agogo ankangoyang'ana mphikawo. A Sophia anapita kumunda ndi a Mervin n'kukazika timbendera tofiira pamene panatuluka mphika. Atabwerera anati ayenera kaye kudziwitsa a boma chifukwa muli mafupa a munthu, ndipo a Belinda asunge mphikawo kwawo mpaka pa 1 Meyi, tsiku lokaupereka koyezera. Anauika m'katoni pamodzi ndi mapale, anazinga ndi mapepala, n'kumata ndi tepi.

Pamene a Belinda ankanyamula katoni, agogo anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kuyesa kuimirira. Sindinawaonepo akuyesa chiyambireni ntchito. A Belinda anati, "Adadi, ndi mphika chabe, ndikubwezerani." Anawapsompsona pamutu n'kutuluka. Galimoto itachoka galu analowa m'khitchini.

Ndinabwerera ku famu Lamulungu pa 23 Epulo. Mayi wa kumapeto kwa sabata anandiuza kuti agogo sanadye chilichonse kuyambira Lachisanu. Lolemba anamwa madzi masupuni anayi. Lachiwiri kunabwera namwino, anawayeza, anati thupi lilibe vuto latsopano, koma akapitiriza kukana chakudya awatengera kuchipatala akawaike chubu cha m'mphuno. Ndinaimbira a Belinda. Anati ayankhula ndi dokotala.

Masiku amenewo agogo ankafuna kukhala m'khitchini mokha. Ankayang'ana patebulo pamene panali mphika. Ndinkapukuta tebulolo katatu pa tsiku, koma m'mawa uliwonse pamalopo pankakhala kafumbi kotuwa kozungulira, kukula kwake ngati kunsi kwa mphika. Ndinaonetsa a Mervin. Anati ndi fumbi la kumunda, nyengo yolima ili choncho. Mawindo anali otseka.

Lachinayi pa 27 Epulo, cha m'ma 3 koloko masana, ndikuwameta ndevu, agogo anandigwira mkono n'kuyamba kulankhula. Analankhula pafupifupi theka la ola. Mawu ena sindinawamve. Amene ndinamva ndi awa.

Anati pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali msilikali ku Italy. Tsiku lina akukumba dzenje lobisalamo m'munda wa mphesa, fosholo yawo inagunda mphikawo. Anaona zimene zinali m'kati, komabe anaukulunga m'malaya n'kubwera nawo kuno. Anauika pashelefu m'chipinda chochezera. Anakwatira mu 1948. Akazi awo anabereka ana atatu motsatizana, onse aakazi, ndipo palibe amene anakwanitsa tsiku. Anawaika pa famu pomwepo, awiriwiri ndi akazi awo, opanda mwala. Wachitatu atapita, akazi awo anachotsa mphika pashelefu n'kuwauza kuti akautaye kutali ndi nyumba. Iwo anakaukwirira pansi pa mtengo uja. Patapita chaka a Belinda anabadwa. A Belinda sanauzidwepo za ana atatuwo.

Atamaliza anapempha kuti ndiwatulutse panja. Ndinawakankha pa njinga mpaka pamene anandiimitsa. Analoza pansi ndi ndodo. Sipanali pa timbendera paja. Ananena mawu amene ndikuwakumbukira bwino, ndipo m'Chichewa ndi akuti: "Ndinalakwitsa, ndinamusiya yekha. Mudzamuike apa ndi anzake."

Ndinawayankha kuti mphika uli kwa a Belinda, awauze okha. Madzulo omwewo ndinawaimbira foni n'kuiika pakhutu pa agogo. Agogo sanatulutse mawu. A Belinda anandifunsa ngati pali chimene chachitika. Ndinati ayi. Anandipempha kuti, popeza ndimapita ku Indianapolis kumapeto kwa sabata, ndikawasiyire makalata a kuchipatala a agogo m'galaja mwawo. Anandipatsa manambala otsegulira chitseko cha galajalo.

Loweruka pa 29 Epulo ine ndi achemwali anga a Theresa, amene ndi namwino ku South Bend, tinapita ku Lawrence, pafupi ndi Indianapolis, ku mwambo wolangiza mtsikana wina wa kwathu amene akukwatiwa. Tinagona komweko. Lamulungu pa 30 Epulo tinanyamuka 10 koloko m'mawa n'kudzera ku Beech Grove, kumene a Belinda amakhala. Tinafika kwa a Belinda cha m'ma 10:30. Iwo anali kutchalitchi. A Theresa anatsala m'galimoto. Anati, "Iwe Magi, ungodiropa makalatawo, usakayambe kukolopa m'nyumba mwa eni. Ndili ndi shifiti 4 koloko."

Ndinatsegula galaja. Ndinaika makalata pa shelefu. Katoni ija inali pamwamba pa makina ochapira, pambali pa botolo la sopo ndi nsapato zothamangira. Makinawo anawasiya akuchapa ndipo katoni inkanjenjemera. Inali itasendera mpaka m'mphepete. Ndinaigwira kuti isagwe. Ndinaima choncho mpaka a Theresa anaimba hutala.

Ndinamatula tepi. Ndinatulutsa mphika ndi mapale onse asanu ndi awiri, ndinavula chitenje chimene ndinamanga pamwamba pa siketi, n'kukulungamo. Katoni ndinaisiya pansi. Sindinatenge china chilichonse. M'nyumba sindinalowe.

Ndinakakhala mpando wakumbuyo, mtolo uli pamiyendo. A Theresa anati, "Ndiye ine ndasanduka dalaivala wa abwana? Bwera kutsogolo kuno. Chimenecho n'chiyani?" Ndinati ndi katundu wa agogo. Anati, "Waufukata ngati khanda bwanji? Ponya kubuti." Ndinati umasweka. Sanafunsenso. Achemwali anga sankadziwa chimene chinali m'chitenjemo. Ichi ndicho chachikulu chimene ndadzera kuno, chilembedwe bwino.

Kuchokera ku Beech Grove kufika ku famu tinayenda maola atatu. Titadutsa Kokomo mtolo unayamba kufunda pamiyendo panga. Dzuwa silinkafika pamene ndinakhala. Miyendo inachita dzanzi monga imachitira ukafukata mwana wogona nthawi yaitali. A Theresa anazimitsa wailesi n'kufunsa ngati ndine ndikung'ung'udza nyimbo. Ndinati ayi. Anayatsanso wailesi n'kukweza.

Tinafika 2 koloko masana. A Theresa ananditsitsa pamsewu n'kupitirira. Mtolo sindinalowe nawo m'nyumba, ndinausiya pamthunzi kuseri kwa nkhokwe. Mayi wa kumapeto kwa sabata anati agogo akanabe chakudya, ndipo a chipatala abwera kudzawatenga Lachiwiri. Anachoka 2:30. Agogo anali pa njinga yawo m'khitchini, atafulatira windo, maso otseka. Sindinawauze kanthu.

Wapolisi wandifunsa chifukwa chimene sindinaitane a Mervin kapena m'busa. Kwathu mwana akamwalira asanatuluke m'chikuta timati mtayo. Amakamuika ndi amayi okhaokha, masana, popanda kulira ndi popanda nyimbo. Abambo safikako. Dzenje silizama, chifukwa amati likazama mayi wake sadzaberekanso. Ndinaperekezapo kawiri, kachiwiri anali mwana wa mng'ono wawo wa amayi. Njira ina yoikira khanda sindiidziwa.

Cha m'ma 3 koloko ndinatenga kafosholo ka m'dimba la maluwa n'kupita pamene agogo analoza. Ndinavula nsapato. Ndinakumba mpaka dzenje linafika pachigongono. Pamenepo kafosholo kanagunda thabwa lofumbwa, lokhala ndi msomali waung'ono wadzimbiri. Ndinasiya. Ndinabwezeretsa dothi ndi manja, ndinasendera pambali pang'ono, n'kukumba lina. Ndinaika mphika uli m'chitenje momwemo, mapale ndinawayala pamwamba monga mbale yovundikira. Ndinakwirira, ndinabwezera udzu monga unalili. Ndikukwirira kunalibe mphepo, ndipo mbalame zimene zimasokosa pamenepo masana onse sizinamveke. Galu anandiperekeza, koma anaima patali.

Ndinasamba manja ndi mapazi pa mpopi wapanja, n'kutsuka kafosholo. Ndinalowa m'khitchini 4 koloko. Agogo anali monga ndinawasiyira, atafulatira windo. Kuchokera pamenepo malowo saoneka. Anatsegula maso, anakweza dzanja lamanzere, n'kuonetsa zala zinayi. Kenaka anapempha madzi. Anamwa kapu yonse. Pa 5 koloko anadya phala mbale imodzi ndi nthochi. Kuyambira tsiku limenelo akudya katatu pa tsiku. A chipatala anabwera Lachiwiri, anawayeza, n'kubwerera okha. Kafumbi kapatebulo kaja sindinakaonenso.

Lolemba pa 1 Meyi, 8 koloko m'mawa, a Belinda anaimba foni. Anafunsa ngati ndinaona katoni m'galaja. Ndinati ndinaiona. Anafunsa kawiri ngati inali yotsegula. Ndinakhala chete mpaka anadula.

Dzulo Lachitatu apolisi anaimbira a Theresa kuntchito, chifukwa munthu woyandikana ndi a Belinda analemba nambala ya galimoto yawo. A Theresa anabwera ku famu 1 koloko masana atavala yunifolomu. Tinalankhulira pakhonde. Ndinawauza zonse. Anakhala pansi pa sitepe. Anati, "Magi, zaka zitatu ndakhala ndikufayila mapepala ako. Zaka zitatu! Ndiye ukadipotedwe, akubweze kumudzi, chifukwa cha mwana wa Aroma? Ndi m'bale wako? Amayi ndikawauza kuti chiyani?" Ndinati amayi akanakhala pano akanandigwirira kafosholo. Anati, "Usandiyankhe zamwano. Kafukule, tikabweze, upepese, nkhani ithe." Ndinati sindingafukule. Kenaka anati, "Unasamba pobwerako?" Ndinati eya. Anaimbira a Kingsley, ndipo lero m'mawa a Kingsleyo atibweretsa kuno.

Wapolisi wandifunsa ngati ndinagulitsa mphikawo kapena kupatsa munthu. Ayi. Wandifunsa ngati agogo angachitire umboni kuti ndiwo anandituma. Kuyambira Lamulungu lija sanalankhulenso za nkhaniyi, ndipo sindikudziwa ngati angalankhule pamaso pa alendo. Wandifunsa ngati ndikudziwa kuti a Sophia ndi a boma akufuna kuyeza mafupawo, ndi kuti mphikawo ndi wosowa kwambiri. Ndikudziwa. A Sophia sanandilakwire, a Belinda sanandilakwire. Kutenga chinthu m'galaja mwa eni osapempha ndinatenga, sindikukana.

Waika mapu a famu patebulo n'kundipatsa cholembera kuti ndichonge malowo. Wandifunsa kuti ndi masitepe angati kuchokera pakhomo, ndi mbali iti ya nyumba. Wafunsa katatu. Masitepewo ndinawawerenga ndipo ndikuwadziwa. Sindiwanena. Amene angapite ndi fosholo kukafuna mphika akafukula ana anayi, ndipo atatu mwa iwo ndi achemwali awo a Belinda.

Chimene ndingachite ndi ichi. A Belinda ndi mayi, ndiponso ndi mwana wa pakhomopo. Akawerenga umboniwu, ngati afuna, abwere ku famu masana, okha, chimanjamanja. Ndidzawatengera pamalopo ndipo adzaima pamene ndinaima. Zimene adzachite pambuyo pake adzakhala atasankha okha, akudziwa amene agona pansipo. Koma wapolisi, a Mervin, kapena a Kingsley amene akulembawa, sindiwalozera.

Wapolisi wati zimenezi si zimene a Belinda anapempha, ndipo ngati sindichonga pa mapu lero, mlandu upita kutsogolo. A Kingsley andimasulira kawiri, kenaka asiya kulemba n'kundiuza okha kuti, "Achemwali, ganizani bwino, kwanu n'kutali." Ndaganiza. Cholembera ndabweza. Mapu ali patebulo opanda chizindikiro.

Umboniwu andiwerengera wonse ndipo ndi mawu anga. Zimene ndikudziwa ndi zomwezi, kupatula chimodzi chimene ndakana kunena.

Wopereka umboni: Magdalene Kanyumbu ____________________

Wolemba ndi kumasulira: Kingsley Mtalimanja ____________________

Beech Grove, Indiana, 4 Meyi 2006